Pamene Senate Inafunsa za Ndalama za Madalaivala

Mu March 1951, anthu mamiliyoni ambiri ku America anaonerera manja a munthu pa wailesi yakanema. Frank Costello, mkulu wa zigawenga ku New York, anakana kuti nkhope yake ijambulidwe, ndiye makamera analoza zala zake. Ankamufunsa anali aphungu a komiti ya Senate yotsogozedwa ndi Estes Kefauver, imene inayendera mizinda 14 kufufuza za njuga ndi ziphuphu zimene apolisi ndi andale ankalandira. Dziko linadzidzimuka, koma malamulo sanasinthe kwenikweni.

Nkhani inafika powawa mu April 1956, pamene mtolankhani Victor Riesel, amene ankalemba za mbava zolowerera m'mabungwe a apantchito, anathiridwa asidi kumaso mpaka kuchita khungu. Chaka chotsatira Senate inakhazikitsa komiti ina. Wapampando anali John McClellan wa ku Arkansas, loya wamkulu anali Robert Kennedy.

Komitiyi inalimbana kwambiri ndi Teamsters, bungwe la madalaivala a malole. Mtsogoleri wake, Dave Beck, anamuimba mlandu wotapa madola oposa 300,000 m'thumba la bungwe. Ndalamazo zinali zopereka za anthu ogona pamsewu, odula mtunda usiku wonse kuti ana adye, ndipo chimenechi ndicho chimanyansa pa nkhani yonseyi. Beck anakana kuyankha mafunso maulendo 117, potsamira ufulu wosadzinenera mlandu. Anachoka pampando, nalowa Jimmy Hoffa, amene ankangoyankha kuti sakukumbukira. Mu December 1957 mgwirizano wa mabungwe a apantchito wa AFL-CIO unachotsa Teamsters m'gulu lake.

Komiti yotere siimanga munthu. Mphamvu yake ndi kuitana mboni ndi kuika zobisika poyera. Zimene inavumbulula zinabala lamulo la Landrum-Griffin mu 1959, lokakamiza mabungwe kulengeza kayendetsedwe ka chuma chawo ndi kuchititsa zisankho. Komabe lamulo lomwelo linapanikizanso zionetsero za apantchito, ngakhale osaba, pamene mabwana ena opereka ziphuphu sanakhudzidwe kwambiri.

Hoffa analowa m'ndende mu 1967 ndipo anasowa mu 1975. Boma litasumira bungwe la Teamsters mu 1988 pogwiritsa ntchito lamulo la RICO, lolimbana ndi magulu a zigawenga, madalaivala anavotera okha mtsogoleri wawo koyamba mu 1991, ndipo anasankha Ron Carey.