Nyali za ku Tokyo ndi Ngolo za ku Durban

Ngolo zokokedwa ndi munthu zimene alendo amakwera m'mphepete mwa nyanja ku Durban kwawo ndi ku Japan. Zinayamba kuyenda m'misewu ya Tokyo cha m'ma 1870, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 mwini minda ya nzimbe, Marshall Campbell, anazibweretsa ku Natal. Mmodzi mwa amene anazijambula zidakali zachilendo ndi Kobayashi Kiyochika (1847–1915).

Kiyochika anatumikira boma la shogun limene linagonja mu 1868. Mzinda wake wa Edo unasanduka Tokyo, sitima yapamtunda inafika mu 1872, ndipo nyali za gasi zinayaka ku Ginza mu 1874. Kuyambira 1876 mpaka 1881 anatulutsa zithunzi zoposa 90 za mzindawo. Amisiri ankazisema pamatabwa, mtundu uliwonse thabwa lakelake, kenaka n'kuzidinda papepala ndi manja. Akatswiri akale ngati Hiroshige ankadalira mzere wakuda wozungulira chinthu chilichonse. Kiyochika anachepetsa mizereyo, nasiya kuwala kuti kuumbe zinthu. Wodinda ankanyowetsa thabwa ndi kupaka utoto wochuluka mbali imodzi, kuti mdima uzipepuka pang'onopang'ono poyandikira nyali.

Pachithunzi chake cha siteshoni ya Shinbashi cha mu 1881, mazenera akuwala usiku wamvula, nyali zam'manja zikunyezimira pamsewu wonyowa, koma anthu ndi okoka ngolo angokhala zithunzithunzi zakuda zopanda nkhope. Kuwala kwagwera pa nyumba ya boma latsopano. Amene akunyamula mzindawo atsala mumdima.

Ku Durban zinthu zinatembenuka. Pofika 1902 ngolozi zinali zoposa 2,000, zokokedwa makamaka ndi amuna a Chizulu ndi a Chimpondo ochokera kumidzi. Ojambula mapositikhadi anawaimika padzuwa lamasana, atavala nyanga za ng'ombe, nthenga ndi mikanda. Kuwala kunachuluka, koma kunaonetsa chovala kuposa munthu wochivala, ndipo maina awo sankalembedwa kawirikawiri pansi pa zithunzizo.

Mbadwa za ku Malawi, Chipata ndi Tete, zimene makolo awo ananyamula azungu pamachila, nkhani imeneyi si yachilendo kwa izo. Chithunzi chakale cha msewu chimasunga maonekedwe a mzinda, komanso chimaulula amene wojambula anamuona kuti ndi woyenera kumuunikira nkhope.