Wailesi ya Sefuliya ndi Vuto la Moto ku Mzimba

Omvera amene anakulira kumwera kwa boma la Mzimba, cha ku Embangweni, Edingeni kapena Jenda, akudziŵa kuti zipangizo zatsopano kaŵirikaŵiri zinkafika kumeneko mu katundu wa munthu wobwerera ku ulendo. Angoni a M'mbelwa analoŵa mu ulamuliro wa Angelezi m'chaka cha 1904, msonkho nuyamba mu 1906. Kuyambira pamenepo amuna ambiri anatsata njira ya ku Halale ndi ku Joni, ndipo pambuyo pake ya ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia. Ena anatchona. Amene anabwerera anadza ndi njinga, makina osokera ndi galamafoni yopukusa ndi dzanja. Zitatu zonsezi zinali ndi ubwino umodzi: mphamvu yake inali m'miyendo ndi m'manja mwa mwini wake.

Wailesi inali ina. Iyo inafuna moto, ndipo kumudzi kunalibe magetsi.

Nyumba youlutsira mau ya ku Lusaka inayamba m'chaka cha 1941, pa nthaŵi ya nkhondo yachiŵiri. Nkhondo itatha, inapatsidwa udindo woulutsira anthu akuda a m'maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, pansi pa dzina lakuti Central African Broadcasting Station. Koma mau ankangopita mu mlengalenga, pakuti mawailesi a masiku amenewo anali okwera mtengo kwambiri. Bambo Harry Franklin, mkulu woona zofalitsa nkhani ku Lusaka, anakhala zaka zingapo akufunafuna kampani imene ingavomere kupanga wailesi yotsika mtengo. Potsiriza inavomera kampani ya Ever Ready ya ku Britain. Sikunali kukoma mtima chabe ai: kampaniyo inali yopanga mabatire, ndipo inadziŵa kuti wogula wailesi kamodzi adzagula batire chaka ndi chaka.

Wailesiyo inatuluka m'chaka cha 1949. Chikopa chake chinali chozungulira, cha chitsulo chopepuka chonga cha sefuliya wophikira, kungoti chinalibe chogwirira; nchifukwa chake Azungu anaitcha Saucepan Special. Inali yopakidwa utoto wa buluu. M'kati munali timababu tinai ta galasi, ndipo maboo ake anatsekedwa ndi sefa kuti mphemvu ndi tizilombo tina tisamangemo nyumba. Mtengo wake unali mapaundi 5. Batire lake, lalikulu ndi lolemera, limene wailesiyo inkakhazikidwapo, linali masheleni 25, ndipo linkatha pambuyo pa maola pafupifupi 300.

Tsono maola 300 ndi ochepa. Banja lomvera maola atatu madzulo alionse linkaona batire litatha pakangopita miyezi itatu ndi masiku oŵerengeka. Kwa munthu wolandira malipiro ku mgodi zinali zotheka. Kwa mlimi wodalira chimanga, maŵere ndi ng'ombe, masheleni 25 anali ndalama zoti nkuyamba waganiza kaŵiri. Motero wailesi inkatsegulidwa mwa muyeso, ndipo batire likafa inkakhala chete kufikira wa ku ulendo atatumiza kanthu.

Chikhalirecho anthu anaikonda. Pa wailesi ya ku Lusaka ankamva nkhani m'Chinyanja, Chibemba ndi zinenero zina, komanso nyimbo za Alick Nkhata, woulutsa mau ndi woimba gitala amene bambo wake anali wochokera ku Nyasaland. Koma chikondicho chinayesedwa m'zaka za 1952 ndi 1953, pamene Azungu anali kukakamiza chitaganya. Inkosi ya Makosi M'mbelwa II inali m'gulu la mafumu amene anachikana poyera. Anthu ambiri anayamba kuona wailesi monga pakamwa pa boma, ndipo ku Northern Rhodesia kunafala mphekesera zakuti oulutsa mau ena anali anamapopa. Kachipangizo komweko kamene kanadza ndi nyimbo kanasanduka chinthu chokayikitsa.

Za m'zaka zotsatira nzodziŵika. Timababu ta galasi tinasiyira malo tiziwiya tating'ono totchedwa transistor, ndipo wailesi inayamba kuyendera mabatire a tochi. MBC inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kampani ya Nzeru ya ku Blantyre inayamba kupanga mawailesi m'dziko momwe muno. Chitumbuka, chinenero cha ambiri ku Mzimba, chinachotsedwa pa wailesi mu 1968 nkudzabwereranso mu 1994. Kenaka kunadza lamya za m'manja, zambiri zochokera kwa ana a ku Mzimba ogwira ntchito ku Joni, njira yomwe ija ya agogo ao. Ndipo funso lakale linabweranso: moto wake uchokera kuti?

Yankho limodzi linachokera m'boma lomwelo, m'mudzi wa Yobe Nkosi. Bambo Colrerd Nkosi atamaliza sukulu ya sekondale ku Mzimba mu 2006, anabwerera kwao atazoloŵera kuŵerenga pa getsi, napeza mdima. Sanaphunzire za uinjiniya. Anayamba ndi njinga: anaika gudumu lake m'madzi othamanga a mtsinje, naona kuti madziwo angathe kulizungulitsa monga ichitira miyendo ya munthu, dainamo nkupereka moto. Atatero anatenga injini ya firiji yakale, naipangira chozungulira cha m'madzi, ndipo nyumba 6 zinaŵala. Pambuyo pake anagwiritsa ntchito injini yaikulu ya makina otongolera chimanga amene anali atatayidwa, nayendetsa mawaya pa mitengo mtunda wa makilomita aŵiri.

M'chaka cha 2018 ntchito ya pa mtsinje wa Kasangazi imeneyi inampatsitsa mphotho ya Commonwealth Points of Light, yoperekedwa m'dzina la Mfumukazi Elizabeth II. Atolankhani akunja amene anafika m'mudzimo mu 2021 anapeza mabanja akusonkha kandalama kochepa pa mwezi kokonzera makinawo, ana akuŵerenga usiku, ndi lamya zikudya moto pakhomo pomwepo.