Frankie Knuckles ndi Chiyambi cha Nyimbo za House

M'mbiri ya zoimbaimba muli anthu amene adatchuka chifukwa cha luso losankha ndi kulumikiza nyimbo za anzawo. Mmodzi mwa iwo ndi Frankie Knuckles, yemwe adabadwira mumzinda wa New York ku America m'chaka cha 1955.

Lusoli lidamera ku New York komweko cha m'ma 1969, pamene Francis Grasso ankavinitsa anthu ndi makina awiri oimbira mbale. Nyimbo imodzi ikamalira m'holo, iye ankamvera inzake m'makutu mwake yekha, n'kumaifulumizitsa kapena kuichedwetsa mpaka kugunda kwa ng'oma zonse ziwiri kutafanana. Apo ndiye ankailowetsa, gule n'kupitirira osadukiza.

Knuckles adakulira m'mwambo umenewu. M'chaka cha 1977 adasamukira ku Chicago kukaimbitsa nyimbo za disco pamalo ovinira otchedwa Warehouse, pomwe pankasonkhana anthu akuda ndi ena amene ankasalidwa kwina. Koma paja akuluakulu adati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Pa 12 Julayi 1979, odana ndi disco adaphulitsa mulu wa mbale zake pabwalo lamasewero la Comiskey Park mumzinda womwewo, ndipo posakhalitsa makampani adachepetsa kujambula nyimbozi.

Kusowa kwa mbale zatsopano kukadatha kuziziritsa gule wa pa Warehouse. Knuckles sadagwe mphwayi. Ankajambula nyimbo zakale patepi, n'kuidula ndi lumo, n'kuimatanso mwa njira ina kuti chigawo chokoma chibwerezedwe kangapo. Motero nyimbo yodziwika kale inkamveka ngati yatsopano. Atachoka pa Warehouse m'chaka cha 1982, adatsegula malo akeake otchedwa Power Plant, kumene ankaonjezera kugunda kwa makina oliza ng'oma pansi pa nyimbo.

Komabe luso lalikulu lidali posankha. Gule ankachezera usiku wonse, choncho woimbitsa nyimbo ankayenera kudziwa nthawi yotenthetsa bwalo ndi nthawi yopumitsa ovina. Knuckles ankaluka pamodzi nyimbo za soul za ku Philadelphia ndi za makina zochokera ku Ulaya, maso ali pa ovina. Kuona maso a nkhono n'kudekha: nyimbo yokondedwa ankaisungira nthawi yake.

Achinyamata a ku Chicago adayamba kujambula nyimbo zawozawo zotsata kamvekedwe kameneka, ndipo ambiri amati dzina loti house lidachokera ku Warehouse. Knuckles adalandira mphotho ya Grammy m'chaka cha 1998, ndipo adamwalira m'chaka cha 2014.

Masiku ano kompyuta imafananitsa liwiro la nyimbo ziwiri m'kanthawi kochepa, ntchito imene Grasso ankaigwira ndi khutu ndi chala. Chimene chatsalirabe m'manja mwa munthu ndi chomwe chidapulumutsa gule wa pa Warehouse: kuzindikira nyimbo imene ovina akuilakalaka iwo asanaitchule.