Nzeru ya ku Oslo yamene ili mu mafoni yathu

Ma app yambili ya Android yamene tisewenzesa kuno ku Chunga yanalembewa na Java olo Kotlin, ndipo vilankhulo ivi viyenda pa nzeru yamene inabadwila ku Norway.

Mu 1962, ku Norwegian Computing Center mu Oslo, ba Kristen Nygaard na ba Ole-Johan Dahl banayamba kupanga chilankhulo cha kompyuta cha Simula. Benze kufuna kuti kompyuta izionesa mwamene mizele ya bantu na vinthu iyendela. Simula 67, yamene inabwela mu 1967, inabweletsa class na object.

Titenge mabasi yathu. Class ni pulani ya basi: mipando ingati, ipita kuti, ilipilisa zingati. Object ni basi imodzi yeniyeni yamene yachoka pa Chunga kupitila Matero, na draiva wake na ndalama zake. Hiace na Rosa zitenga vonse va pulani ya basi, koma iliyonse ionjezela vake. Iyi ndiye inheritance. Ndalama zinkala na kondakita. Sitipisa kwanja mu thumba mwake, timapempha chabe chenji, eve ndiye abweza. Apo ndiye pa encapsulation: object isunga vamukati vake, benangu baipempha chabe.

Ba Alan Kay na anzao ku Xerox PARC banapanga Smalltalk mu ma 1970, ndipo ni beve banatchukisa dzina ya object-oriented. Ba Bjarne Stroustrup banayamba mu 1979 ku Bell Labs ntchito yamene inabala C++. Java inatuluka mu 1995 ku Sun Microsystems. Kuno kwathu, ZAMNET inayamba pa UNZA mu 1994 kuleta intaneti mu Zambia, ndipo BongoHive inaseguka mu Lusaka mu 2011, malo yamene bachinyamata bakumanapo kuphunzila kulemba ma program. Ba Dahl na ba Nygaard banapasiwa Turing Award ya 2001.

Manje chamene ba Nygaard banachita mu ma 1970 chitikhudza maningi. Banasewenza na union ya ba ntchito za nsimbi ku Norway kuti bantchito bazikambako pa makompyuta yamene yabwela pa ntchito pao. Banaona kuti wolemba class ndiye asankha vamene kompyuta izaona. Class ya kasitoma ikafuna dzina ya msewu na nambala ya nyumba, ambuya bamene bankala kumbuyo kwa maliketi, pa njila yopanda dzina, fomu ibakana.

Ise tiziba kuti mu komboni adilesi ni shopu, ni tchalichi, ni mpope wa madzi. Tiphunzile Java olo Python kuti ma class yakudziko kwathu tizilemba tekha.