Mfuti yosakira abakha: mbiri inatisankhira kale

Munthu akafuna kuyamba kusaka abakha akutchire, funso lake loyamba limakhala lakuti: ndigule mfuti yanji? Ine ndikuona kuti yankho lake linalembedwa kale ndi zolakwa za alenje akale, makamaka ku America.

M'zaka za m'ma 1800, kusaka abakha kumeneko kunali bizinesi. Alenje ankamangirira pabwato mfuti yaikulu yotchedwa punt gun, nayandikira gulu la abakha mwakachetechete usiku. Kuwomba kamodzi kokha kunkagwetsa abakha makumi angapo, ndipo nyamayo inkagulitsidwa m'mizinda. Mbalame zinayamba kutha.

Boma linalowererapo. Mu 1916, America ndi Britain, yomwe inkaimira Canada, anagwirizana zoteteza mbalame zouluka kuchoka dziko lina kupita lina. Lamulo la 1918 linathetsa malonda a nyama ya mbalamezi, ndipo mfuti zazikulu kuposa 10 gauge zinaletsedwa. Mu 1934 mlenje aliyense anayamba kugula sitampa ya dola imodzi, ndalama zake n'kumagulira madambo oti abakha aziswanirana. Mu 1935 anati mfuti isamanyamule zipolopolo zoposa zitatu.

Ndiye mukamva alenje akulangiza woyamba kumene kuti agule 12 gauge, dziwani kuti akusankha mkati mwa mpanda womwe malamulowo anamanga. Nambalayo ndi yachikale: timipira 12 ta mtovu tokwana ndendende pakamwa pa mfutiyo timalemera paundi imodzi. Choncho 20 gauge ndi yaing'ono, ndipo siikankha phewa kwambiri.

Kusintha kwina kunadza mu 1991. Abakha ankameza timachaka ta mtovu togwera m'matope n'kumafa ndi poizoni, motero America inaletsa mtovu posaka mbalame zam'madzi. Ambiri anayamba kugwiritsa ntchito chitsulo, chomwe n'chopepuka koma cholimba, ndipo chikhoza kuwononga mfuti zina zakale. Wogula mfuti yakale ayenera kufunsa kaye ngati imapirira chitsulo.

Nkhaniyi imandikumbutsa nyanja yathu ya Chilwa, yomwe mu 1997 inalembedwa pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo. Kumeneko anthu amagwira mbalame ndi misampha, ena ndi mfuti, ndipo nyanja ikaphwa ngati momwe inachitira mu 1995, nsomba zimasowa, mabanja n'kudalira mbalame. Sindingamunyoze bambo wosaka ndiwo za ana ake. Koma alenje a ku America aja nawonso ankaganiza kuti abakha sangathe.

Maganizo anga ndi akuti wofuna kuyamba usodzi wa mfuti umenewu ayambe ndi chilolezo, aphunzire kusiyanitsa mitundu ya mbalame ndi nyengo yomwe zimaikira mazira, adziwenso pamene ayenera kulekezera. Zikatero, apite kukasankha mfuti.