Salsa

Salsa ndi mtundu wa nyimbo zovinira umene unakhwimira mumzinda wa New York, ku United States, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Eni ake anali anthu ochokera kuzilumba za Caribbean, makamaka Puerto Rico ndi Cuba, amene anasamukira mumzindawu. M'Chisipanishi, mawu akuti salsa amatanthauza msuzi.

Chiyambi

Muzu wa salsa ndi nyimbo za ku Cuba zotchedwa son, zimene zinaphatikiza ng'oma za akapolo ochokera ku Africa ndi magitala a ku Spain. Lamulo la mu 1917 linapatsa anthu a ku Puerto Rico unzika wa United States, ndipo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, ambiri anakakhazikika m'madera a East Harlem ndi South Bronx. Boma litasintha ku Cuba mu 1959, United States inaletsa malonda ndi dzikolo, choncho nyimbo zatsopano za ku Havana zinayamba kusowa. Oimba a ku New York anapitiriza okha, nasakaniza son ndi jazi komanso bomba ndi plena za ku Puerto Rico.

Kaimbidwe

Nyimbo yonse imatsatira clave, kugunda kasanu kwa timitengo tiwiri: katatu kenako kawiri, kapena kawiri kenako katatu. Pamakhalanso ng'oma za conga, bongo ndi timbales, piyano ndi malipenga. Chakumapeto, wotsogolera nyimbo amalandizana ndi ovomera.

Fania Records

Mu 1964, woimba Johnny Pacheco wa ku Dominican Republic ndi loya Jerry Masucci anakhazikitsa kampani ya Fania Records, imene inatchukitsa dzina la salsa. Inajambula Celia Cruz, Héctor Lavoe, Willie Colón ndi Rubén Blades. Chimbale cha Siembra cha mu 1978, cha Colón ndi Blades, chinali ndi nyimbo zokamba za moyo wa m'tauni ndi umodzi wa anthu a ku Latin America. Komabe oimba ena, monga Tito Puente, ankalikana dzinali ponena kuti nyimbozi n'za ku Cuba kuyambira kale.

Kufalikira

Kuchokera ku New York, salsa inafika ku Venezuela ndi ku Colombia, makamaka mumzinda wa Cali. Mu 1974, gulu la Fania All-Stars linakaimba ku Kinshasa nkhonya za Muhammad Ali ndi George Foreman zisanachitike. Kumeneko linapeza anthu odziwa kale kamvekedwe kake, popeza rumba ya ku Congo nayonso inatengera zambiri ku son.