Mbiri ya Nyumba za Anthu Wamba ku Mgona

Mgona ndi dera la nyumba zothithikana lomwe lili pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe. Mu 1968 boma linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange likulu latsopano, lomwe linasamuka ku Zomba mu 1975. Anthu opeza zochepa ankapatsidwa mapoloti m'madera ngati Area 25 kuti amange okha, koma mapolotiwo sanakwanire khamu lobwera kudzasaka ntchito.

Otsalawo anapeza malo ku Mgona kudzera kwa mafumu, opanda chikalata chaboma. Anamanga nyumba za zidina, ena n'kuwonjezera midadada ya lendi yokhalamo aganyu onyamula mabelo a fodya ku okushoni. Pakhomo limodzi mabanja angapo amagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, ndipo madzi amagula pa kiyosiki ndi ndowa. Banki siingakongoze munthu ndalama pa malo otere.

Mu 1992 udindo woyang'anira madera a mapoloti unachoka ku Malawi Housing Corporation kupita ku makhonsolo, koma ndalama sizinatsatire mokwanira. Anthu eni ake anayamba kudzithandiza: kuyambira 2003 anapanga magulu osunga ndalama, ambiri mwa iwo amayi, mothandizidwa ndi bungwe la CCODE, ndipo ankakongozana kudzera m'thumba la Mchenga. Khonsolo ya Lilongwe nayo inagwirizana ndi mzinda wa Johannesburg, womwe unaithandiza kulemba ndondomeko ya chitukuko ya 2010, momwe munalinso zotukula madera osalongosoka ngati Mgona.